GITALA IKAYAMBA KULIRA NGATI ILI M'MTSUKO

M'mbali mwa nyanja, kuchokera pa boma la Mangochi kudzera ku Nkopola ndi ku Makokola mpaka kukafika ku Monkey Bay, gitala yasanduka khasu la anyamata ena amene adatsiriza sukulu koma sadapeze ntchito ya mu ofesi. Malo ogona alendo amafuna oimba, maukwati ndi misonkhano ya mapemphero nayonso imafuna oimba, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chidayambira ku Chintheche mu 2004, chitafika ku Nkopola mu 2010 ndi 2011 chidaonetsa achinyamata a m'derali kuti zala zikhoza kudyetsa munthu.

Tsono pali dandaulo limodzi lomwe limamveka kaŵirikaŵiri pakati pa oimba ongoyamba kumene. Mnyamata asunga ndalama miyezi ingapo, agula pickup yatsopano, achotsa yakale naikapo yatsopanoyo. Pamene ailiza, apeza kuti gitala ikufuula koposa kale, koma mau ake ngovunduka ngati madzi a Shire m'dzinja: nsambo zonse zikumveka pamodzi, mau ang'ono atheratu. Ena amafulumira kunena kuti wogulitsa adaŵabera, ena amaganizira mnzao wa m'bandi ina kuti waŵachita chipongwe. Nthaŵi zambiri palibe waba ndipo palibe walodza. Vuto limakhala lakuti pickup yatsopano yaloŵa m'nyumba imene idamangidwa poganizira ina.

Kwa ife nkhaniyi njaikulu chifukwa cha mtundu wa nyimbo zathu. Tamverani magitala a Paul Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka, imene idayamba mu 1978, kapena sungura ya Nicholas Zakaria ndi Khiama Boys ku Zimbabwe, mwana wa bambo wochokera kuno ku Malaŵi. M'nyimbo zotere magitala aŵiri amalandizana monga amai aŵiri osinja mu mtondo umodzi, ndipo liu lirilonse liyenera kumveka palokha. Mau akavunduka, kulandizanako sikumvekanso, ndipo ovina amakhala pansi.

Tiyambe ndi pickup yeniyeniyo, osati galimoto ija yonyamula matumba a usipa ai, koma kachipangizo kokhala pansi pa nsambo kamene tingakatche khutu la gitala. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa woonda ngati tsitsi, wozungulizidwa pafupifupi ka 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa totsata kunjenjemerako, ndipo ampulifaya imatikuza. Amene adaphunzira Physics akumbukira kuti lamuloli adalitulukira ndi Michael Faraday mu 1831. Patapita zaka 100, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker ku America adaligwiritsa ntchito popanga gitala yamagetsi.

Pali mitundu iŵiri ikuluikulu. Woyamba ngwa koyilo imodzi, wonga umene uli pa Fender Stratocaster imene idatuluka mu 1954. Mau ake ngakuthwa ndi oyera, koma umatola kulira kwa magetsi a m'nyumba, kuja komveka ngati njuchi. Wachiŵiri ndi humbucker, umene Seth Lover wa kampani ya Gibson adaukonza mu 1955 nuikidwa pa gitala ya Les Paul mu 1957. Uwu uli ndi makoyilo aŵiri olumikizidwa mwakuti kulira kwa njuchi kwa imodzi kumafafaniza kwa inzake. Mphamvu yake njochuluka, koma waya ukachuluka mau ang'ono amachepa. Nsambo yaikulu ya gitala imanjenjemera ka 82 pa sekondi ndipo yaing'ono ka 330, koma chimene chimapatsa gitala kuwala ndi timau tina tapamwamba tokwana 2,000 mpaka 5,000 pa sekondi, ndipo ndi timeneti timayamba kutayika.

Kodi tsono munthu ayambire pati? Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi zosalira ndalama, ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, mukumvetsera. Mukasintha zitatu pamodzi simudzadziŵa chimene chachiza gitala.

Choyamba ndi nsambo. Kutentha kwa kunyanja kuno kumatulutsa thukuta lambiri, ndipo thukuta ndi chinyezi zimadzetsa dzimbiri msanga. Nsambo yadzimbiri ilibe mau ang'ono ngakhale mutaika pickup yodula chotani. Muonenso ampulifaya: makonzedwe amene ankayenerera pickup yakale sangayenerere yatsopano. Chepetsani bass ndi gain, muwonjezere treble pang'ono. Chingwe chopita ku ampulifaya nachonso chimameza mau ang'ono chikatalika. Yesani chachifupi, chosapitirira mamita 6.

Chachiŵiri ndi mpata wa pakati pa pickup ndi nsambo. Ambiri amaikweza pafupi kwambiri pofuna mphamvu, koma potero nsambo zazikulu zimaphimba zinzake, ndipo maginito amakoka nsambo kotero kuti siinjenjemera momasuka. Dinikizani nsambo pa fret yomaliza, muyese mpatawo. Mamilimita 2 kapena 3 ndi poyambira pabwino, ndipo mbali ya nsambo zazikulu itsike pang'ono kuposa inayo. Sikuludiraiva yokha ikwanira, ndipo magitala ambiri amachirira pomwepa. Muonetsetsenso kuti simudasemphanitse malo. Pickup yopangidwira pafupi ndi bridge imakhala ndi waya wambiri chifukwa pamenepo nsambo imanjenjemera pang'ono. Mukaiika kufupi ndi khosi la gitala, pamene nsambo imagwedezeka kwambiri, mau ake adzavunduka ndithu.

Chachitatu, chimenenso chimasokoneza anthu ambiri, chiri kuseri kwa timabatani topotokola ta volume ndi tone. Kabatani kalikonse kamazunguza kachipangizo kotchedwa pot, ndipo pamsana pake kapena m'mbali padadindidwa nambala: 250k kapena 500k. Tiyerekeze ndi ngalande ya m'dimba imene ili ndi kachiboo m'mbali. Pot ya 250k ndi chiboo chachikulupo, chotaya mau ang'ono ambiri, ndipo ya 500k ndi chiboo chaching'ono. Opanga magitala amaika 250k pa koyilo imodzi kuti afeŵetse kuthwa kwake, naika 500k pa humbucker kuti apulumutse kuwala kochepa kumene ili nako. Tsono mukachotsa koyilo imodzi n'kuikapo humbucker koma pot n'kusiya yomweyo ya 250k, mwaphatikiza mdima ndi mdima. Mankhwala ake ndi kugula pot ya 500k, imene mtengo wake ngwochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pickup ina.

Pa pot ya tone pamamatira kanthu kena konga nyemba kotchedwa capacitor, kamene ntchito yake ndi kutaya mau ang'ono mukapotokola kabataniko. Pa magitala ambiri a koyilo imodzi kamakhala ka 0.047, pomwe pa humbucker kamene kamakondedwa ndi ka 0.022, popeza kakang'ono kamadula mau ochepa. Pali njira yapafupi yodziŵira ngati chilema chiri pamenepa: masulani kwa kanthaŵi waya wopita ku pot ya tone, kenaka muimbe. Gitala ikayera kwambiri nthaŵi yomweyo, ndiye kuti capacitor idalumikizidwa molakwika kotero kuti ikutaya mau nthaŵi zonse, kapena pot idapsa poiwotcherera.

Chachinai ndi malumikizidwe a mawaya. Humbucker zambiri zimabwera ndi mawaya anai a mitundu yosiyana, koma makampani sadagwirizane za tanthauzo la mitunduyo: waya wofiira wa Seymour Duncan sagwira ntchito yofanana ndi wofiira wa DiMarzio. Safunsa adadya phula. Tsatani chithunzi cha kampani imene idapanga pickup yanu, osati cha gitala ya mnzanu. Mita yoyesera magetsi, yonga imene ali nayo okonza mawailesi, ingakuthandizeni: koyilo imodzi imaonetsa pafupifupi 6k, humbucker wamba 8k, ndipo zija zopangidwira nyimbo zaphokoso zimafika 14k kapena 16k. Polumikizira pabwino mtovu wake umakhala wosalala ndi wogwira zolimba. Pamene waumbika ngati chibuluma ndipo waya akugwedera, pawotcherereninso. Dziŵaninso kusiyanitsa matenda. Ngati mau ali oonda ndi opanda mphamvu pamene pickup ziŵiri zayatsidwa pamodzi, kumeneko sikuvunduka ai, koma mawaya a imodzi atembenuzidwa.

Mukayesa zonsezi koma osasintha, apo mpamene mungaimbe mlandu pickup, ndipo ngakhale pamenepo siyoipa koma yosayenera nyimbo zanu. Pickup ya 16k idapangidwira oimba rock ofuna kubangula, osati woimba sungura kapena nyimbo za kwaya. Musaitaye: ambiri a humbucker a mawaya anai angathe kulumikizidwa mwakuti makoyilo aŵiri aja ayende mogundizana m'malo motsatana, kapena kuti koyilo imodzi yokha igwire ntchito, ndipo njira zonse ziŵirizi zimabweza mau ang'ono.

Chenjezo limodzi lisaiŵalike. M'kati mwa gitala imene mwaizula ku ampulifaya mulibe magetsi oopsa, koma m'kati mwa ampulifaya, makamaka ya mavavu, mumatsala mphamvu yotha kupha munthu ngakhale itazimitsidwa. Imeneyo isiyireni amisiri.

Kwa inu aphunzitsi, gitala yovunduka mau ndi phunziro la Physics lathunthu lobwera lokha pakhomo. Maginito, koyilo, resistance ndi capacitor, zimene ana amaloŵeza pamtima osaziona, zonse ziri pansi pa kachivundikiro ka masikuluwu oŵerengeka. Itanani woimba wa m'mudzi abwere ndi gitala yake m'kalasi, ana ayese ndi mita, amve ndi makutu ao kusiyana kwa pickup yokwezeka ndi yotsika. Ndipo inu amene mwasiya sukulu, dziŵani kuti gitala ikadwala eni ake amafunafuna woikonza, ndipo mnyamata wodziŵa kuŵerenga nambala ya pa pot ndi kugwira chowotcherera ali ndi luso lomwe mabandi a m'mbali mwa nyanja angalipire.

M'gawo lotsatira tidzakamba za kulira kwa njuchi kuja, ndi chifukwa chake kumakula pamene bandi ikuimba pogwiritsa ntchito jenereta.