Mabasi a Mwendokasi ku Dar es Salaam: Akongola Ndani, Amanga Ndani, Ayendetsa Ndani?

Aliyense amene adapitako ku Dar es Salaam kukapikula katundu pa Kariakoo, kapena kukatenga galimoto padoko, adaonako mabasi aataliatali oyenda m'njira yaoyao pakati pa msewu wa Morogoro, akupitirira maminibasi otchedwa daladala amene aima ndondondo m'mbali. Eni mzindawo amawatcha mabasiwa mwendokasi, ndipo popeza ntchito yotereyi imamangidwa ndi chuma cha anthu onse, nkoyenera kuti mbadwa iliyonse idziwe njira imene ndalama zimayenda, kuchokera pamene boma laganiza za ntchitoyo kufikira pamene munthu wamba wakwera basi.

Chiyambi cha zonse ndi chikonzero pamodzi ndi mwini chikonzerocho. M'chaka cha 2007 boma la Tanzania lidakhazikitsa nthambi yotchedwa DART, niliipatsa udindo woyang'anira mayendedwe atsopanowa, ndipo popeza palibe thumba limene likadasenza mzinda wonse kamodzin'kamodzi, ntchitoyo idagawidwa m'zigawo 6, chilichonse ndi msewu wake waukulu. Adanena akale kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo nzeru yogawa ntchito ndi yomweyo: chigawo choyamba chikayenda bwino, wobwereketsa ndalama amalimba mtima kuti athandizenso chachiwiri.

Chikonzero chikapsa, boma limasaka ndalama, ndipo pano m'pamene mbadwa iyenera kutchera khutu koposa. Chigawo choyamba, cha makilomita pafupifupi 21, kuchokera ku Kimara kufika ku Kivukoni pamodzi ndi nthambi za ku Morocco ndi ku Gerezani, chidamangidwa makamaka ndi ngongole ya World Bank, boma nilithirapo gawo lake. Chachiwiri, chotsata msewu wa Kilwa kukafika ku Mbagala, chidalandira ngongole ya African Development Bank. Ndipo m'chaka cha 2017 World Bank idavomerezanso ndalama zokwana madola 425 miliyoni, zimene mwa zina zidalinga kumanga chigawo cha msewu wa Nyerere wopita ku Gongo la Mboto, ndiponso mphambano ya misewu yosanjikizana pa Ubungo, imene idatsegulidwa mu 2021. Ngakhale ngongole zoterezi zimakhala ndi chiwongoladzanja chochepa ndi zaka zambiri zobwezera, si mphatso ai. Wosaina ndi boma kudzera ku unduna wa zachuma, koma wobweza ndi wamsonkho, kuphatikizapo mlimi wa ku Mbeya amene mwina sadzapondamo m'basiyo moyo wake wonse. Nchifukwa chake ndalamazi zimalembedwa m'ndondomeko ya chuma cha boma, imene aphungu amaikambirana ku Dodoma chaka cha boma chisanayambe pa 1 Julaye, kuti oimira anthu aone chimene dziko likukongola m'dzina la anthuwo.

Ndalama zikapezeka, msewu suyamba tsiku lomwelo, pakuti pamalo pamene njira idzapite pali nyumba, masitolo, mipope ya madzi ndi mapolo a magetsi. Eni nyumba ayenera kuwerengeredwa katundu wao ndi kulandira chipukutamisozi asanasamutsidwe, ndipo kawirikawiri ndalama imeneyi imachokera m'thumba la boma lenileni, kotero kuti boma likachedwa kulipira, kontrakitala amangokhala ndi makina ake, masiku nkumapita, mtengo wa ntchito nkumakwera. Ntchito yomanga imayang'aniridwa ndi TANROADS, nthambi ya misewu ikuluikulu, imene imaitana makampani kuti apikisane. Chigawo choyamba chidagwera kampani ya Strabag, imene idagwira ntchitoyo kuyambira 2012 kufikira kumapeto kwa 2015, ndipo chachiwiri chidagwera Sinohydro ya ku China. Kontrakitala salandira ndalama zonse pachiyambi, koma amalipidwa pang'onopang'ono, injiniya woyang'anira akatsimikiza kuti gawo lakutilakuti lathadi monga mwa pangano.

Tsopano tafika pamene pagona nkhani yonse. Ngongole imamanga msewu ndi masiteji, koma siyendetsa basi. Mabasi eni ake, mafuta, matayala, malipiro a madalaivala ndi amakanika, zonsezi zimayembekezeka kuchokera kwa kampani yoyendetsa, imene imabweza ndalama zake kuchokera m'matikiti a okwera. Pamene mwendokasi udayamba pa 10 Meyi 2016, kampani ya UDART, imene idapatsidwa ntchitoyo ngati yongogwirizira, idali ndi mabasi 140, chikhalirecho akatswiri adawerengera kuti chigawocho chidzafuna mabasi 305. Poyamba anthu adakondwera ndithu, pakuti ulendo wa ku Kimara, umene nthawi ya m'mawa unkadya maola awiri, udatsika nkufika pa mphindi ngati 45, ndipo mu 2018 mzindawu udalandira mphotho ya Sustainable Transport Award. Koma okwera atachuluka, mabasi ena atawonongeka, ndiponso mtsinje wa Msimbazi utasefukira kangapo m'depoti ya ku Jangwani, imene idamangidwa m'chigwa cholowa madzi, anthu adayamba kuima nthawi yaitali m'masiteji okongola, nkumalimbirana khomo basi ikafika. Momwemonso njira ya ku Mbagala idatha kumangidwa, nikhala nthawi yaitali kudikira mabasi. Malembo amatichenjeza za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake wonse. Ndipo mtengo wonse wa mayendedwe a mumzinda sutsirizika tsiku lodula riboni, koma umabwera m'mawa uliwonse pamene basi yoyamba ituluka m'depoti.

Mtengo wa tikiti nawo suikidwa ndi woyendetsa yekha. Pali bungwe la LATRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa SUMATRA, limene limalandira pempho lokweza mitengo, kumva maganizo a okhudzidwa, ndi kugamula. Mlandu wake ndi wolemera mbali zonse: tikiti ikakwera kwambiri, wosauka amene njirayo idamangidwira amabwerera ku daladala kapena kuyenda pansi; ikatsika kwambiri, woyendetsa amalephera kukonza mabasi. Mizinda yambiri padziko imatseka mpata umenewu ndi thandizo la boma la chaka ndi chaka, ndipo boma limene lasankha kusatero liyenera kufotokozera anthu kuti mpatawo autseka ndani. Palinso eni daladala, madalaivala ao ndi makondakitala, amene amachotsedwa m'misewu yolowa mwendokasi. Iwowa ali ndi mabanja, ndipo chilungamo chimafuna kuti akambirane nawo za chipukutamisozi kapena za gawo m'kampani yatsopano ntchito isanayambe.

Pomaliza pali olondola ndalama. Mkulu wofufuza chuma cha boma, amene ku Tanzania amatchedwa Controller and Auditor General, amasanthula mabuku a nthambi za boma chaka ndi chaka, lipoti lake niliperekedwa ku Nyumba ya Malamulo, kumene makomiti a aphungu ali ndi mphamvu yoitana akuluakulu a nthambizo kuti adzayankhe. Nawo mabanki obwereketsa amaika poyera zikalata zambiri za ntchito zimene athandiza, ndipo ali ndi njira zolandirira madandaulo a anthu amene ntchitoyo yawapweteka.

Phindu lodziwa zonsezi ndi lakuti munthu agogode pakhomo loyenera. Msewu ukachedwa, afunse oyang'anira zomanga. Mabasi akachepa, afunse nthambi imene idasaina pangano ndi woyendetsa. Mtengo ukakwera, apite kumsonkhano wa bungwe loona mitengo. Za ngongole afunse phungu wake. Mwana akapanda kulira amafera pamsana. Ndipo ife a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, amene mizinda yathu ikukula mofulumira pa nsana wa maminibasi, tsiku limene atsogoleri adzatiuze za ntchito yotereyi tidzawayamikire, kenaka tidzafunse mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti: ndalamazo ndi mphatso kapena ngongole, mabasi adzakhala angati ndipo adzagula ndani, akawonongeka adzakonza ndani, ndiponso mayi wopita kumsika m'mamawa adzadikira mphindi zingati pasiteji, pakuti yankho la funso lotsirizali ndilo lidzatiuza ngati chuma chathu chagwira ntchito yake.