Kampata kakang'ono kangathe kudya injini yonse

Mu Okutobala, fumbi litavuta kwathu ku Limphasa, amalume anga ochita kabaza anagula sefa ya mpweya yatsopano ya njinga yawo yamoto. Bokosi la sefa yoyamba linali litasweka, ndiye anagula ija yasiponji yongosomeka pakamwa pa kabureta. Koma mulomo wake unali waukulu pang'ono. Anaukulunga ndi mphira wa chubu chakale, n'kumanga ndi waya.

"Amalume, pamenepo fumbi sililowa?" ndinafunsa.

"Iwe mphwanga, kampata aka ngakhale nyerere singadutse," anatero.

Patatha miyezi itatu, njinga ija inayamba kutulutsa utsi, kumwa oyilo, ndi kulephera zitunda ikanyamula thumba la mpunga. Chinachitika n'chiyani?

Tiyambire apa: injini imapuma kwambiri kuposa momwe imamwera. Kuti petulo apse bwino, gilamu imodzi imafuna magilamu 14.7 a mpweya. Tikawerengera, lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Tangoganizani fumbi lomwe lili mu mpweya wochuluka chonchi pa msewu wadothi!

Wosakaniza ziwirizi ndi kabureta. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya, womwe umadutsa pakhosi popapatiza. Pamenepo umathamanga kwambiri, ndipo mphamvu yake yokankha, ija timati pressure m'kalasi, imatsika. Zikatero petulo amayamwika kudzera pa kabowo kotchedwa jeti. Khosilo limatchedwa venturi, potengera dzina la Giovanni Battista Venturi wa ku Italy, yemwe analemba za zimenezi mu 1797.

Tsono mpweya uli ngati madzi a mu ngalande za pa sikimu yathu ya mpunga: umakonda njira yosavuta. Kudutsa mu siponji n'kovutirapo, ndiye ukapeza kampata umalowera pomwepo, osasefedwa. Choopsa n'choti fumbi lambiri ndi timchenga ta quartz, mwala womwe uli pa 7 pa muyeso wa kulimba wa Mohs, kuposa chitsulo cha silinda. Tikasakanikirana ndi oyilo, timapala silinda ndi maring'i ngati sandipepa. Ndiye mphamvu imathawa, oyilo n'kumapsera limodzi ndi petulo. Utsi wa amalume uja unachokera apo.

Nanga kumanga koyenera ndi kotani? Choyamba, yezani kukula kwa pakamwa pa kabureta, mugule sefa ya mamilimita omwewo. Chachiwiri, siponji muipake oyilo wa sefa ndi kuifinya, osaipotokola. Oyiloyo ndi amene amagwira tifumbi ngati ulimbo, koma akachuluka amatseka mpweya. Chachitatu, pukutani pakamwapo, someka mpaka kumapeto, kenako mangani ndi kilampu yasikuluwu, osati waya. Mangitsani mpaka sefa isamazungulire mukaipotoza ndi dzanja, koma osafika podula mphira. Njinga imagwedezeka m'mabampu, choncho muziionanso sabata iliyonse. Ndipo poti kuno ku Nkhata Bay mvula si yocheza, sefa yapamtunda imafuna chotchinga, chifukwa siponji yonyowa imabanikitsa injini.

Pali chinanso. Sefa zoterezi nthawi zambiri zimalowetsa mpweya wambiri kuposa bokosi lija, ndiye petulo amachepa mu msakanizo ndipo injini imatentha kwambiri. Pulagi ndi imene imaulula: ikayera mbee, petulo akuchepa, ikada bii ndi mwaye, wachuluka, ikakhala yofiirira pang'ono, zili bwino. Ikayera, amakaniko angafunike kuika jeti yokulirapo.

Mukufuna kuyesa nokha? Pemphani mwini njinga, injini itazima ndi kuzizira, achotse sefa. Pisani chala choyera pakamwa pa kabureta. Mukamva timchenga, dziwani kuti penapake pakudutsa fumbi.

Amalume anagula pisitoni ndi maring'i atsopano, ndalama ya kabaza ya masabata angapo. Kilampu yomwe anainyozera ija mtengo wake sunafike ngakhale pa malita awiri a petulo. Masiku ano asanalize njinga m'mawa, amayamba agwedeza kaye sefa.