Shuga m'chigwa cha Shire: masabata oyamba a mankhwala atsopano

Lero tatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, tapyola pa Thabwa, tawoloka mlatho wa Kamuzu, ndipo mpweya wotentha watichingamira kale. Kuno ndi kuchigwa cha Shire, kwawo kwa Amang'anja ndi Asena, dziko la thonje, mapira ndi ng'ombe, komwe m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Tabwera ndi nkhani ya matenda a shuga, makamaka masabata aja amene munthu wangosinthidwa kumene mankhwala.

Nthendayi ndi yakalekale. Asing'anga a ku India ankaidziwira ku nyerere zounjikana pa mkodzo wa wodwala, ndipo kumudzi mpaka pano alipo agogo amene amaizindikira motero. Mankhwala a insulin anatulukiridwa ku Toronto m'dziko la Canada m'chaka cha 1921 ndi Frederick Banting pamodzi ndi Charles Best, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, ndiye anayamba kubayidwa. Kwathu kuno anthu ankati ndi nthenda ya mabwana a m'tauni. Kafukufuku wa STEPS, amene unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009, anatsutsa zimenezo: mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, okwana 5.6 pa 100 aliwonse anapezeka ndi shuga, ndipo akumudzi sanatsalire.

M'zipatala zathu wodwala shuga kawirikawiri amakumana ndi mankhwala atatu. Metformin amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri; poyamba amatha kusokoneza m'mimba, n'chifukwa chake amamwedwa ndi chakudya, koma payekha satsitsa shuga mopyola muyeso kawirikawiri. Glibenclamide ndi wina: amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, kaya mwadya kaya simunadye. Wachitatu ndi jakisoni wa insulin. Dokotala amatha kukuchotsani pa ena n'kukuikani pa ena chifukwa shuga wakana kutsika, impso zayamba kufooka, kapena mayi waima. Koma tinene zoona, nthawi zina amene amasintha mankhwala si dokotala ayi, ndi shelefu yopanda kanthu kufamase. Nthawi zinanso ndi madzi osefukira. Mu Januwale 2015, komanso namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, anthu a ku Makhanga anatsekeredwa, kofikako kunali pa bwato kapena pa helikopita. Amene mapiritsi ndi kabuku kake ka kuchipatala zinapita ndi madzi anayambiranso ndi zomwe zinapezeka kumsasa.

Tsono tiyerekeze bambo wolima kudimba m'mphepete mwa dambo la Ndindi ku Nsanje. Sabata yatha amuwonjezera glibenclamide. Walawira m'bandakucha pothawa dzuwa, piritsi wameza ndi madzi okha, phala adzadya pobwera. Pofika cha m'ma 10 koloko khasu layamba kulemera. Manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda mothamanga, njala yake yosaneneka. Mnzake wa dimba loyandikana akumufunsa, iye akuyankha zosagwirizana, mwinanso mwaukali.

Vuto la kuchigwa lili pomwepa. Kuno aliyense amatuluka thukuta, aliyense amafooka masana. Wina anena kuti ndi dzuwa, wina kuti ndi malungo, wina aseka kuti bamboyu wayamba kachasu m'mawa. Akagwa n'kuyamba kuphupha, pamabwera mawu akuti amuchita chipongwe, ndipo ulendo umalunjika kwa sing'anga. Chikhalirecho shuga watsika, ubongo ukusowa chakudya, ndipo mankhwala ake ali m'khitchini. Ngati munthuyo akutha kumeza, sungunulani masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi, kapena mpatseni theka la botolo la Fanta. Dikirani mphindi 15. Akapanda kusintha, bwerezani. Akatsitsimuka adye nsima, mbatata kapena phala. Koma ngati wakomoka, musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali, mupakeni shuga pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo muthamange naye kuchipatala, pa njinga yamoto, pa ngolo, chilichonse chimene chilipo. Ndipo wa glibenclamide apite ndithu ngakhale atadzuka n'kumaseka, poti piritsili limakhalitsa m'thupi ndipo shuga amatha kutsikanso usiku.

Kumva m'thupi kokha kumanamiza. Chimene chimanena zoona ndi kamakina koyezera shuga. Makina ena amawerenga m'manambala akuluakulu, ena m'manambala aang'ono, choncho funsani anamwino kuti anu ndi ati. Pansi pa 70, kapena 3.9 pa makina enawo, shuga watsika. M'mawa musanadye, ambiri amafunika kukhala pakati pa 80 ndi 130, kapena 4.4 ndi 7.2, ngakhale dokotala angakupatseni malire anu poona msinkhu ndi matenda ena. M'masabata oyamba a mankhwala atsopano yezani pafupipafupi kuposa kale: m'mawa musanadye, nthawi zina patapita maola awiri mutadya, komanso nthawi iliyonse imene thupi lachita zachilendo. Amene wayamba jakisoni ayezenso asanagone.

Kanthu kena kakang'ono koma kosocheretsa: sambani m'manja musanabaye chala. Munthu wa ku Nchalo amene wangotafuna nzimbe, kapena wasenda mango, shuga wotsalira pachala amakweza nambala, ndiye n'kumaganiza kuti mankhwala atsopanowa sakugwira. Timapepala toyezera natonso sitigwirizana ndi kutentha. Kabotolo kake kazikhala kotseka, pamthunzi, osati pawindo kapena pafupi ndi malata.

Tikudziwa kuti kamakina ndi timapepala take si aliyense angazikwanitse. Ngati mulibe, musatuluke m'chipinda cha dokotala musanafunse tsiku lobwera kudzayezetsa, ndipo lisakhale lakutali ngati la masiku onse. Kaya ndi ku chipatala chachikulu cha Chikwawa kapena cha Nsanje, ku Ngabu, ku St Montfort ku Nchalo kapena ku Trinity ku Muona, pitani m'mawa, chakudya chili m'chikwama kuti mudye mukangoyezedwa. Kunyumba lembani m'kope tsiku, nthawi, zomwe munadya ndi momwe munamvera. Amene sadziwa kulemba, mdzukulu wa kusukulu alipo. Kuyeza kwina kotchedwa HbA1c kumaonetsa mmene shuga wayendera m'miyezi pafupifupi itatu, motero kuyezetsa kumeneku patangopita sabata imodzi sikungakuuzeni za mankhwala atsopano.

Mankhwala amakumananso m'thupi. Kuyambira 2019 anthu ambiri omwa ma ARV m'Malawi anaikidwa pa mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amachulukitsa metformin m'magazi, ndiye mlingo wa metformin umafunika kuunikidwa. Rifampicin wa chifuwa chachikulu amafooketsa glibenclamide. Kwinini amatsitsa shuga, malungo aakulu nawonso chimodzimodzi. Choncho ngati muli ndi timabuku tiwiri ta kuchipatala, tonse tiziyendera limodzi. Za masamba a nimu ndi chammwamba amene ambiri amamwa mwakachetechete, auzeni achipatala. Kubisa kumangowasokoneza powerenga manambala anu. Ofuna kusala kudya, kaya kutchalitchi kaya pa Ramadan, ayambe afunsa. Ndipo wa metformin akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa thupi likauma mankhwalawa amatha kuvulaza.

Ambiri amaopa jakisoni poti kunyumba kulibe firiji. Apa nzeru za makolo zimagwira ntchito. Mtsuko wadothi umene umaziziritsa madzi akumwa umasunganso insulin: kabotolo kamakulungidwa bwino kuti kasanyowe, n'kuikidwa m'kamphika kokhazikidwa pa mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Kafukufuku amene bungwe la MSF linachita ndi yunivesite ya Geneva, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti insulin yotsegulidwa imakhalabe yamphamvu kwa masabata anayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya. Koma kuchigwa kuno dzuwa limapyola pamenepo, ndiye mtsuko usasowe madzi. Mukaona shuga akukwera popanda chifukwa, kayikirani kabotoloko ndipo mukaonetse kuchipatala, osangodziwonjezera mlingo nokha.

Inu amene mwasinthidwa mankhwala mwezi uno, musagone musanauze a m'nyumba mwanu ndi anzanu a kudimba zizindikiro za kutsika kwa shuga, ndipo popita kumunda tengani kathumba ka shuga m'thumba. Inu achibale, tsiku la sikelo ya shuga mperekezeni m'bale wanu mukamve nokha zomwe achipatala akunena.