MABUKU A NYAMA OMASULIRIDWA M'ZINENERO ZINA

Mwana wamng'ono akatenga buku amayamba waona cithunzi, mau pambuyo. N'cifukwa cace mabuku a zithunzi za nyama ayenda maiko ambiri ndi kumasuliridwa m'zinenero zosiyanasiyana. Koma nchito yomasulirayi si yapafupi monga ena aganizira.

Titenge buku lochedwa The Tale of Peter Rabbit, limene analemba Beatrix Potter wa ku England. Nkhaniyi inayamba mu 1893 ngati kalata yopita kwa mwana wodwala, ndipo a Frederick Warne anaisindikiza mu 1902. Lero iwerengedwa m'zinenero zoposa 30. Inena za kalulu wosamvera amace, amene analowa m'dimba la Bambo McGregor kukadya ndiwo zamasamba, nataya malaya ndi nsapato pothawa.

Bvuto loyamba ndi lakuti womasulira angathe kusintha mau, koma cithunzi ai. Cimene wojambula anaika pa tsamba, kaya ndi cakudya kaya mtengo umene sumera kwathu, mau ayenera kubvomerezana naco, pakuti ana sanyengeka m'maso.

Bvuto laciwiri ndi mbiri ya nyamayo, popeza mtundu uli wonse uli ndi maganizo ace pa nyama. Kalulu wa m'nthano zathu ndi kamberembere wopusitsa Fisi ndi Njobvu, pamene Peter ndi kamwana kamantha kolira misozi kakakodwa mu ukonde. Mwana wa kuno akamva dzina lakuti Kalulu ayembekeza cinyengo, ndipo adabwa posacipeza. Comweconso kadzidzi: ku Ulaya amuyesa mbalame yanzeru, koma kwathu akalira pa denga anthu aopa maliro.

Bvuto lacitatu ndi kamvekedwe. Buku la The Gruffalo, limene analemba Julia Donaldson mu 1999, linena za mbewa yogonjetsa adani ace ndi nzeru, ndipo lonse ndi ndakatulo ya mau ogwirizana kumapeto. Womasulira akatsata liu ndi liu, kukoma konse kutha.

Tsono anzanga, mukafuna kumasulira buku lotere, muyambe mwaliwerengera ang'ono anu mokweza. Akaseka ndi kupempha kuti mubwerezenso, mwakhoza. Akayamba kuyang'ana kumbali, konzaninso mau anu, cifukwa mwana amene buku loyamba lamgwetsa ulesi sacedwa kudana ndi kuwerenga.