Mfuti ya Husqvarna ndi gogodela wa kutsindwi

Ukatchula dzina loti Husqvarna pakati pa anyamata ocheka matabwa ku Chikangawa, aliyense aganiza za makina aja olira ngati njinga yamoto, ogwetsa mtengo wa paini munthu asanamalize kusenda nzimbe. Ndi ochepa amene amadziwa kuti kachizindikiro kali pamakinapo ndi chithunzi cha kukamwa kwa mfuti. Fakitaleyo inayamba mu 1689 pa mathithi a ku Huskvarna, kummwera kwa Sweden, ndipo ntchito yake yoyamba inali kusula mfuti za asilikali a mfumu. Makina osokera, njinga zamoto ndi zochekera mitengo zinabwera pambuyo pake.

Mfuti ya Husqvarna ndinaigwira koyamba m'chigawo cha Värmland ku Sweden komweko, kwa mkulu wina amene anandisunga masiku angapo. Anatsegula kabati yachitsulo, yolemera ngati sefa ya kubanki, n'kuyamba kutulutsa mfuti imodziimodzi, iliyonse akuitchula dzina ndi chaka ngati akutchula ana ake. Yoyamba inali ya asilikali, mtundu wa m/96, yosulidwa ku fakitale ya Carl Gustaf ku Eskilstuna. Pamwamba pake panali chisoti chachifumu ndi chaka cha 1915. Pa thabwa lake panakhomedwa kachitsulo kamkuwa kozungulira ngati ndalama, ndipo mkuluyo anandionetsa kadontho kamene woyeza mfuti wa kunkhondo anadinda posonyeza kukula kwa mpope ndi mmene unalili mkati. Woyezayo anamwalira kalekale, koma mawu ake anali akadali pamenepo, aliyense wodziwa n'kuwawerenga.

Imene inanditenga mtima inali ina, Husqvarna ya mtundu wa 46, yopepuka, thabwa lake litada ndi thukuta la m'manja. Imadya chipolopolo cha 9.3x57, chonenepa komanso choyenda modekha, moti eni ake anachipatsa dzina loti potatiskastaren, kutanthauza choponyera mbatata, chifukwa chikapita patali chimagwa mokhota ngati mbatata yoponyedwa ndi dzanja. Koma m'nkhalango yowirira, mmene nyama imatulukira pafupi, sichikhumudwitsa. Mfutiyo inali ya bambo ake. Chaka chilichonse amapita nayo kumalo oyesererako, kumene chithunzi cha nyama yotchedwa älg chimathamanga pa njanji pa mtunda wa mamita 80, ndipo akaona kuti dzanja likadali bwino, amalowa nayo m'tchire.

Älg ndi nyama yaikulu ngati ntchefu, ya miyendo yaitali ndi nyanga zotambalala ngati zikhatho. Nyengo yake yosaka ikafika, mu Seputembala kumpoto ndi mu Okutobala kummwera, midzi ina ntchito zimaima. Anthu amasaka m'magulu, gulu lililonse lili ndi dera lake, mtsogoleri wake ndi chiwerengero cha nyama zimene laloledwa kupha. Kuyambira mu 1985, wofuna chiphaso cha mfuti yosakira amayamba walemba mayeso. Panthawi imene ndinapitako mlenje wamba ankaloledwa mfuti zinayi, mwina zisanu ndi imodzi akapereka chifukwa, ndipo wosonkhanitsa zakale amafunika chilolezo chakechake. N'chifukwa chake mfuti zabwinobwino za makolo zinkagulitsidwa motchipa, zambiri n'kuwoloka nyanja kupita ku Canada ndi ku America: mdzukulu akafuna yatsopano, malo m'kabati munalibe.

Ndili chigwirire mfutiyo, maganizo anga anali kwathu ku Kasungu. Agogo anga aamuna anali ndi gogodela. Gogodelayo ankakhala kutsindwi, wokulungidwa m'chiguduli, ndipo ife ana tinalangizidwa kuti mlendo akafunsa, m'nyumba muno mulibe chinthu chotero. Ndinamuona kawiri kokha. Mpope wake unali wautali, womangidwa ndi waya pamene thabwa linang'aluka, ndipo kununkhira kwake kunali kwa onga ndi mwaye. Agogo ankati anamulandira kwa amalume awo, monga mwa mwambo wathu, ndipo amalumewo anagwetsa naye njati. Gogodela amawomba kamodzi basi. Ukaphonya, kapena onga ukakana chifukwa cha chinyezi, njati ili pa iwe. Choncho mlenje wa gogodela ankayenera kudziwa mphepo, kukwawa mpaka kumva kupuma kwa nyama, ndipo luso limenelo silichepa poyerekeza ndi la munthu wolasa chithunzi chothamanga.

Ifenso tinali ndi malamulo athu, ndipo sanali ofewa. Uzimba sunkachitika popanda mwini dziko kudziwa. Wolasa nyama koyamba ndiye mwini wake, ngakhale wina aimalize, ndipo womalizayo anali ndi gawo lake lodziwika. Mfumu inkalandira yake, ndipo njovu ikagwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini nthaka. Mlenje ankadzisunga usiku woti mawa alowa m'tchire, mkazi wakenso ankadzisunga kumudzi. Nditaona gulu la ku Värmland likuyeza nyama pasikelo n'kuigawa milumilu kuti banja lililonse litenge wake, sindinaone chachilendo. Ndinaona uzimba wovala zipewa zofiira.

Kusiyana kunabwera pa funso loti nyama ndi ya yani. Ku Sweden, mu 1789 mfumu Gustav III inalola alimi wamba kusaka pa malo awo, ufulu umene kale unali wa mafumu ndi olemekezeka. Zotsatira zake sizinali zabwino poyamba: m'zaka zochepa älg inatsala pang'ono kutheratu, mpaka boma linaletsa kuipha kwa zaka zingapo. Mu 1830 alenje anakhazikitsa bungwe lawo, Svenska Jägareförbundet. Ufuluwo sunalandidwe, unangomangidwa ndi nyengo komanso chiwerengero, ndipo nyama inabwerera, moti mu 1982 anapha zoposa 170,000 m'chaka chimodzi.

Kwathu zinayenda chammbuyo. Pangano la ku Brussels la 1890 linatseka njira yoti munthu wakuda apeze mfuti zamakono, n'kumusiyira zothira onga kukamwa. Atsamunda anabweretsa ziphaso zodula ndi malo oletsedwa, kuyambira ndi Elephant Marsh mu 1897. Ku Kasungu anthu anasamutsidwa mu 1922 chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo midzi yawo yakale inasanduka nkhalango yotetezedwa, imene mu 1970 inakhala paki. Mzungu wokhala ndi chiphaso ankatchedwa mlenje, mwini mudzi wolowa m'tchire la makolo ake n'kukhala wakuba nyama. Gogodela anakwera kutsindwi nthawi imeneyo.

Sindikunena kuti titsegule mapaki. Ndikudziwa zimene mfuti zinachita ku Majete, kumene njovu zinatheratu pofika 1992, mpaka zinachita kubwezeretsedwa ndi malole bungwe la African Parks litayamba kusamalira malowo mu 2003. Nyama zathu n'zochepa, anthu tachuluka, ndipo lamulo la 2017 lokhwimitsa zilango ndimaligwirizana nalo. Chimene chimandipweteka ndi china. Mkulu wa ku Värmland akhoza kukuuza amene anasula mfuti yake, chaka chake, ndi dambo limene bambo ake anaphera älg yoyamba, akulankhula mokweza, chitseko chili chotsegula. Ife mbiri yotereyi tinaiphunzira monong'ona, ndipo zonong'ona sizifika kwa adzukulu. Asodzi ali ndi owalemba, Gule Wamkulu ali ndi omusunga ku Mua, koma alenje akale akupita ndi mayina a mankhwala awo, nyimbo zawo zovina nyama ikagwa, ndi mbiri ya mfuti iliyonse.

Nditabwerako ndinapita kumudzi kukafunsa amalume. Ndinkafuna kungoona ngati pa chitsulo cha gogodela uja panali chidindo, chifukwa ambiri mwa amene anabwera ndi amalonda a minyanga anali ndi chisoti chachifumu ndi mawu oti Tower. Amalume anayang'ana kaye kubwalo asanayankhe.

"Mphwanga, chinthu chija tinachiponya m'chimbudzi chakale agogo ako atangomwalira. Panali timalemba, inde, pafupi ndi pokokera paja. Koma ndani akanapita nacho kwa aphunzitsi kuti atiwerengere?"

Anandilozera malowo. Panali patamera nthochi.