Zipatso ndi masamba m'khola la nkhuku: mafunso ndi mayankho

Pakhomo pomwe pali nkhuku, makoko a nthochi, mapesi a repu ndi mango okugwa okha sapita kudzala, amathera kukhola. Khalidweli ndi labwino ndipo limapulumutsa ndalama, koma lili ndi malire ake amene alimi ambiri, makamaka oweta nkhuku zotsekera m'matauni, sawasamala.

Kodi nkhuku zimafunikiradi masamba ndi zipatso?

Nkhuku yoyendayenda yakumudzi imadzipezera yokha msipu, njere za udzu, chiswe ndi tizirombo tina, choncho siidikira kuti mwiniwake aithyolere masamba. Yotsekeredwa m'khola ndiyo imasowa. Kuno kwathu vutoli limakula chifukwa chimanga chomwe timadalira n'choyera, ndipo chimanga choyera chilibe carotene, chimene thupi limasandutsa vitamini A. Mlimi amene amangothira madeya m'chodyera tsiku ndi tsiku amaona nkhuku zake zikutupa maso, zikudwaladwala chimfine, mazira n'kumachepa. Masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa ndi cham'mwamba amatseka mpata umenewu, chimodzimodzinso maungu, mapapaya ndi mango akupsa. Masamba omwewo ndi amene amachititsa kuti chachikasu cha m'kati mwa dzira chikhale chowirira, chimene ogula ambiri amachikonda pa mazira a lokolo.

Ngati ndi zabwino chotero, bwanji osangozipatsa zambiri?

Chifukwa masamba ndi zipatso ndi madzi pafupifupi okhaokha. Pa magalamu 100 a kabichi, oposa 90 ndi madzi, ndipo mapuloteni safika magalamu awiri. Pa mavwende madzi amafika magalamu 92. Pomwe thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 a chakudya patsiku, ndipo chakudyacho chimafunika kukhala ndi mapuloteni okwana magawo 16 pa 100 kapena kuposerapo pang'ono. Dzira limodzi limatenga magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni, ndipo chigoba chake chimatenga magalamu awiri a kashiamu. Zonsezi thadzi liyenera kuzipeza m'chakudya cha tsiku limenelo, apo ayi liyamba kusungunula kashiamu wa m'mafupa ake omwe.

Chithokomiro cha nkhuku n'chaching'ono. Chikadzaza ndi mango otsekemera m'mamawa, layers mash yomwe mwagula ndi ndalama zambiri ingokhala m'chodyera. Zotsatira zake ndi mazira ochepa, a zigoba zopyapyala, ndi nkhuku zotsegula m'mimba. Masamba ndi zipatso ndi ndiwo chabe, nsima yake ndi chakudya cha magulu onse. Muyezo womwe alangizi ambiri amapereka ndi wakuti zoonjezerazi zisapose gawo limodzi pa magawo khumi a zomwe nkhuku yadya patsiku. Ine ndimaona kuti pa masamba obiriwira mlimi angathe kupyolako pang'ono popanda choopsa, koma pa zipatso zotsekemera muyezowu ugwiritsitsidwe. Njira yosavuta ndi kupereka zoonjezerazi masana, nkhuku zitadya kale chakudya chenicheni.

Ndi ziti zomwe siziyenera kulowa m'khola?

Choyamba ndi peyala. Mtengo wa mapeyala uli ndi poizoni wotchedwa persin m'masamba, m'makoko ndi m'nthanga, ndipo mbalame ndizo zimavulala naye msanga chifukwa amagwira mtima. Khola likakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, muzisesamo masamba ndi zipatso zakugwa.

Chachiwiri ndi mbatatesi zomwe zabiriwira kapena kuphuka, pamodzi ndi makoko ake. Zimakhala ndi solanine, ndipo kuphika sikumuthetsa bwinobwino. Masamba a mbatatesi ndi a tomato nawonso ndi a banja lomwelo, ngakhale tomato wakupsa alibe vuto. Mbatata ya kholowa ndi chomera china ndithu, ndipo masamba ake ndi mbatata yake yomwe n'zabwino.

Nyemba zouma zosaphika zili ndi poizoni amene amatha pokhapokha zikawira bwino. Soya naye asaperekedwe wamuwisi, akazingidwe kaye, chifukwa wamuwisi amalepheretsa thupi kugaya mapuloteni. Makoko aawisi a chinangwa chowawa ali ndi cyanide, yemweyo amene amatichititsa kuviika chinangwa m'madzi masiku angapo tisanasinje kondowole. Anyezi wochuluka amawononga magazi a nkhuku ndipo amatha kusintha fungo la mazira. Ndiwo zotsala zamchere wambiri nazonso zisaperekedwe.

Nanga zipatso zoola ndi chimanga chachuku, poti nkhuku zimadya chilichonse?

Apa ndi pamene ambiri amataya ziweto osadziwa chomwe chazipha. Chuku cha pa chimanga ndi mtedza chimatulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi. Dziko lapansi linamudziwa poizoniyu kudzera m'mbalame zoweta: mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mtedza wosankhidwa kuti ndi woipa, umene timati uwu ndi wa nkhuku, ndiwo umakhala ndi chuku chochuluka, ndipo gawo lina la poizoniyo limatha kufika m'mazira ndi m'chiwindi chomwe ana athu adzadye.

Zinthu zovunda, makamaka zosakanizika ndi nyama kapena mphutsi, zimatha kubweretsa matenda a botulism, omwe nkhuku imalefuka khosi n'kumalephera kudzutsa mutu. Papaya lofewa kwambiri lilibe vuto, koma lomwe lamera nkhungu lipite ku kompositi. Zomwe nkhuku zasiya zichotsedwe dzuwa lisanalowe, chifukwa usiku zimaitana makoswe.

Kodi anapiye angadyeko?

Masabata oyambirira ayi. Kamwanapiye kamafuna chakudya cha mapuloteni okwana magawo pafupifupi 20 pa 100, ndipo m'mimba mwake mulibe malo a zina. Akasinkhukirapo, ayambe ndi masamba ofewa oduladula timizere ting'onoting'ono.

Masambawa aperekedwe motani?

Amangidwe mtolo n'kupachikidwa pa chingwe pamsinkhu wa mutu wa nkhuku. Akatero sadetsedwa ndi zitosi, komanso nkhuku zimatangwanika nawo m'malo mojomphana ndi kuzulana nthenga. Dzungu kapena vwende lingong'ambidwa pakati. Udzu wautali wosadula umatha kupotana m'chithokomiro n'kutseka njira, choncho udulidwe. Popeza nkhuku ilibe mano ndipo imapera chakudya m'nthutumba, yotsekeredwa iikiridwe mchenga wokhakhala kapena timiyala m'kambale kapadera. Masamba ogula kumsika atsukidwe, chifukwa alimi ena a m'madimba amapopera mankhwala patatsala masiku ochepa kuti athyole. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, vwende kapena nkhaka zimathandizako popeza nkhuku situluka thukuta, komabe sizilowa m'malo mwa madzi ozizira ndi mthunzi.

Abale athu okhala ku Britain adziwenso kuti kumeneko lamulo limaletsa kupatsa nkhuku zotsalira zakukhitchini, ngakhale zoweta pakhomo. Chiletsocho chinakhwima pambuyo pa mliri wa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto wa mu 2001. Masamba ochokera m'munda mwachindunji ndi ololedwa.

Ena amati tsabola, nthanga za papaya ndi masamba ena amachiza chitopa. N'zoona?

Ayi. Chitopa chimayamba ndi kachirombo ka virus, ndipo palibe tsamba kapena chipatso chomwe chimachiza. Nkhuku yodya bwino imapirirako matenda ena, ndipo zina zimapulumuka zokha mliri ukadutsa, n'chifukwa chake anthu amatamanda tsabola amene anasungunulira m'madzi. Chomwe chimateteza ndi katemera, monga wa I-2 wodontheza m'diso, amene amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Ngati nkhuku zanu, za lokolo kapena za Mikolongwe, zapitirira miyezi inayi osalandira katemerayu, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu sabata ino.