Kanambala kokakamira pakona pa sikirini

M'timashopu ta ku Chilinde momwe anyamata amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, kapena kukonza mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati, kompyuta ndiye munda. Makompyuta ambiri mwa amenewa ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ogula kwa mnzako kapena m'masitolo a ku Old Town, ndipo amabwera ndi zomwe mwini wake woyamba anasiyamo. China mwa zotsalirazo ndi kanambala kongosinthasintha pakona pa sikirini: 60, 58, 60, nthawi zina kotsagana ndi zilembo zoti FPS.

Kakangotulukira, ena amati kompyuta yalowa vairasi. Ena amathamangira kukaifomata, ndipo apa m'pamene pamapita ndalama pamodzi ndi mavidiyo a ukwati wa eniake omwe sanasungidwe pena. Chonsecho kompyutayo siikudwala.

Kanambalako kamawerenga zithunzi zomwe kompyuta ikuonetsa pa sekondi imodzi. Mafilimu ambiri amajambulidwa pa zithunzi 24, pomwe osewera FIFA kapena eFootball amafuna 60 kuti mpira uziyenda mosadukizadukiza. Kwa wosewera gemu n'kothandiza. Koma kwa amene akulembera kasitomala kalata yofunsira ntchito, n'kosowetsa mtendere basi.

Chovuta n'chakuti kanambalaka kali ndi eni ake ambiri, ndipo aliyense ali ndi pozimitsira pake. Ntchito yonse ndi kudziwa kuti wakayatsa ndani.

Ngati mkati mwa kompyuta muli khadi ya zithunzi ya NVIDIA, yambirani pomwepo. Pulogalamu yake yakale, GeForce Experience, komanso NVIDIA App yomwe inalowa m'malo mwake mu Novembala 2024, imayatsa ndi kuzimitsa manambalawa ndi mabatani awiri okha, Alt ndi R. N'chifukwa chake kanambalaka kamatulukira popanda wokaitana: mwana wagogoda kiyibodi, kapena chala chaphonya polemba mofulumira. Dinaninso mabatani omwewo, kazimiririka. Pa makadi a AMD, mu pulogalamu ya Adrenalin, mabatani ake ndi Ctrl, Shift ndi chilembo O pamodzi.

Windows 10 ndi 11 nazo zili ndi kake. Mukadina batani la Windows ndi G mumatsegula Game Bar, ndipo ngati kabokosi ka Performance kanamatidwa pasikirini, chotsani kapini kake. Kakamaoneka m'magemu okhaokha, kayang'aneni mu pulogalamu ya Steam, pa Settings, gawo la In Game.

Eni ena ndi amakani. MSI Afterburner imayenda ndi mnzake RivaTuner Statistics Server, yemwe amabisala pansi kumanja pafupi ndi wotchi. Mutseguleni muzimitse Show On-Screen Display. Manambala aakulu achikasu kawirikawiri amakhala a Fraps, pulogalamu ya mu 1999 yomwe inakonzedwa komaliza mu 2013, koma mpaka lero imapezekabe m'makompyuta akale. Iyi mukamadina F12 nambala imasamukira kona ina kufikira itasowa. Kuti ziwirizi zisadzadzukenso mawa poyatsa kompyuta, lowani mu Settings ya pulogalamu iliyonse, muiletse kuyamba yokha pamodzi ndi Windows. Ngati simusewera gemu n'komwe, kungozichotseratu ndiye kwabwino.

Palinso mwini wina yemwe ngakhale okonza makompyuta amamuiwala: sikirini yeniyeniyo. Masikirini ena opangidwira magemu amawerenga okha, mwachitsanzo a ASUS omwe ali ndi GamePlus. Pamenepa mungafomate mpaka kutopa, nambala ili phee, chifukwa siikuchokera mu Windows. Kuyesa kwake n'kosavuta. Lumikizani sikiriniyo ku dekoda kapena ku kompyuta ya mnzanu. Nambala ikatsatira, pozimitsira pake ndi timabatani ta kunsi kapena kuseri kwa sikiriniyo.

Ine ndimati musanakazimitse, kawerengeni kaye. Ngati gemu imayamba pa 60, ndiye patapita kanthawi n'kumatsika mpaka m'ma 20 kwinaku fani ikulira ngati chigayo, kanambalako kakukuuzani zomwe wogulitsa sanakuuzeni. Kompyuta ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Aliyense wokhala m'mbali mwa misewu yadothi ya ku Chilinde, Kawale kapena Area 23 akulidziwa fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo kompyuta yoikidwa pansi, pafupi ndi chitseko chotsegula tsiku lonse, imalimeza ndithu. Zimitsani, zulani chingwe chamagetsi, tsegulani chivundikiro cham'mbali, mupukute fumbi pa mafani, kenako muikweze patebulo. Mukayatsanso, yambitsani gemu yomwe ija muone ngati nambala ikutsikabe.